Zifukwa Zimene Ochita Maseŵera Omenyana Amavulalira, ndi Udindo wa Mphunzitsi

MAU OYAMBA

Maseŵera omenyana, monga nkhonya, kulimbana, judo, karate ndi taekwondo, sapezeka pa ndandanda wa maphunziro m'sukulu zathu zambiri za pulayimale, komabe palibe mphunzitsi amene angaŵathaŵe. Ana amaŵaona m'nyumba zoonetsera mafilimu ndi pa mafoni a akulu awo, ndipo maina a Bruce Lee, Jackie Chan ndi Jet Li ngodziŵika ngakhale kwa mwana amene sadakwereko mtunda kupita ku Mzuzu. M'tauni ya Nkhata Bay, pa mchenga wa ku Chikale kapena kuseri kwa makalasi pa nthaŵi yopuma, si chachilendo kuona anyamata akuponyerana mateche ndi kugwetsana, kutsanzira zimene adaonera dzulo lake. Ena mwa iwo amadzaloŵa m'makalabu nayamba kupikisana, ndipo munthu woyamba amene makolo ndi anawo amamufunsa nzeru ndiye mphunzitsi wa maseŵera.

Maseŵera ameneŵa sitiyenera kuŵanyoza, pakuti adatengera dziko lathu ulemu. Mendulo zitatu zoyamba zimene Malaŵi adapata pa maseŵera a maiko a Commonwealth zonse zidali za nkhonya: Tatu Chionga adapata mendulo yamkuwa ku Edinburgh mu 1970, ndipo Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe adachita chimodzimodzi mumzinda womwewo mu 1986. Mu 2018 Anisha Basheel adatenga lamba wa Commonwealth ku London, ndipo pa maseŵera a Olympic amene adachitika ku Tokyo mu 2021 Harriet Bonface adaimira Malaŵi pa judo. Tikumbukirenso kuti Jigoro Kano, amene adayambitsa judo mu 1882, adali mphunzitsi ngati ife, ndipo kwa zaka zoposa 20 adali mkulu wa sukulu yosula aphunzitsi ku Tokyo.

Komatu pa mpira kugundana kumachitika mwangozi, pamene pa maseŵera aŵa kumenya, kugwetsa ndi kupana mnzako ndicho cholinga chake. Mwana akavulala, ambiri amati ndi tsoka, ena amaganizira za mankhwala ndi ufiti. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kuvulala koopsa kuli ndi zifukwa zodziŵika, ndipo zambiri mwa zifukwazo zimaoneka mpikisano usanayambe. Woyenera kuziona ndi munthu wamkulu amene waima pambali pa bwalo.

KUVULALA KWAKE KUMAKHALA KOTANI

Mtundu uliwonse wa maseŵera uli ndi ziŵalo zake zimene umapweteka kaŵirikaŵiri. Pa nkhonya ndi karate zimene zimavulala kwambiri ndi nkhope, mutu ndi manja. Mnyamata wosaphunzitsidwa akaponya chibakera mokhota amathyola kafupa ka m'dzanja kamene kali kumunsi kwa chala chaching'ono. Pa taekwondo, pamene mwendo ndiwo chida, mapazi, akakolo ndi maondo ndizo zimavutika, pamodzi ndi mutu wa amene walandira theche. Pa judo ndi kulimbana kuvulala kwambiri kumadza pogwa: pheŵa limaguluka, fupa lolumikiza pheŵa ndi chifuwa limathyoka, bondo limapotoka, zala zimabinya. Ofufuza apezanso kuti ola limodzi la mpikisano limavulaza anthu ambiri kuposa ola limodzi la kukonzekera, ndi kuti wogonja ndiye amavulala kaŵirikaŵiri kuposa wopambana.

Zilonda ndi mafupa zimapola. Chiŵalo chimene tiyenera kuchimvetsa bwino ndi ubongo. Ubongo ngwofeŵa ngati phala lolimbirako, ndipo umayandama m'timadzi mkati mwa chibade cholimba. Mutu ukatembenuzidwa mwadzidzidzi ndi chibakera cha pachibwano, kapena nkhongo ikamenyetseka pansi, ubongo umagwedezeka mkatimo monga momwe madzi amadzimenyetsera m'mbali mwa chidebe wochisenza akapunthwa. Zotsatira zake zilipo za mitundu itatu.

Choyamba ndi kugwedezeka kwa ubongo. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi mseru, amaona zinthu ziŵiriziŵiri, amachedwa kuyankha, kapena amaiŵala zimene zangochitika. Nkofunika kudziŵa kuti ambiri mwa ovulala motere sakomoka ayi. Chachiŵiri ndi kuduka kwa timitsempha ta magazi pakati pa ubongo ndi chibade. Magazi amaunjikana napanikiza ubongo, ndipo munthu angathe kudzuka, kulankhula, ngakhale kuyenda kupita kwawo, kenaka nakomoka patapita maola. Kuvulala kumeneku sikuoneka kunja, ndipo sikugwera wogonja yekha. Mu Juni 2022 ku Durban, wankhonya wa ku South Africa, Simiso Buthelezi, adali kuchita bwino mpaka raundi yomaliza, pamene adayamba kuponya zibakera m'malere pa kona yopanda munthu. Woimbira adaimitsa mpikisano pomwepo, koma mnyamatayo adamwalira m'chipatala patapita masiku ochepa kaamba ka kukha magazi mu ubongo. Chachitatu chimadza mochedwa. Mu 1928 dokotala wa ku America, Harrison Martland, adalongosola za ankhonya akale amene adali kudzandira, kunjenjemera ndi kulankhula movutikira, ngati oledzera ndi zibakera zimene adalandira kwa zaka zambiri.

ZIFUKWA ZOCHOKERA KWA WOSEŴERA

1. Kusadziŵa kugwa ndi kudziteteza. Phunziro lalikulu pa mfundo iyi likuchokera kwawo kwa judo. Ryo Uchida wa pa yunivesite ya Nagoya adaŵerenga malipoti a ngozi za m'sukulu za ku Japan, napeza kuti kuyambira 1983 mpaka 2011 ophunzira 118 a m'sukulu za sekondale adamwalira chifukwa cha judo. Ambiri adali a m'chaka choyamba, ongoyamba kumene, ndipo chimene chidapha ochuluka chidali kuvulala m'mutu atagwetsedwa chagada. Woyamba kumene khosi lake silinakhwime, sadziŵa kupinda chibwano kuti nkhongo isafike pansi, ndipo akamagwa amatsogoza dzanja loongoka, limene limathyoka. Nchifukwa chake mphunzitsi wabwino wa judo amatha masabata ambiri akuphunzitsa kugwa asanalole mwana kugwetsedwa ndi mnzake, ndipo wa nkhonya amayamba ndi kaimidwe, kayendedwe ka mapazi ndi kutchinga. Anthu a ku Nkhata Bay amadziŵa kuti wovina malipenga saloŵa m'bwalo tsiku la chionetsero asanayeserere ndi anzake nthaŵi yaitali. Ngati gule afuna kukonzekera kotere, nanji maseŵera amene kulakwitsa kwake kungathyole khosi.

2. Kusiyana kwa msinkhu ndi kulemera. M'makalasi athu muli ana a misinkhu yosiyana kwambiri. Mu Sitandade 6 mungapezeke mwana wa zaka 11 atakhala pamodzi ndi mnyamata wa zaka 16 amene mikono yake idakhwima ndi kupalasa bwato ndi kukoka makoka. Kukhala m'kalasi imodzi sikutanthauza kuti ngofanana mphamvu. Mafupa a mwana amakulira ku nsonga, kumene kuli chichereŵechereŵe, ndipo nsongazo nzofooka kuposa fupa lokhwima. Zikavulala, mkono kapena mwendo ungakule mokhota kapena kutsalira. Mutu wa mwana ngwaukulu poyerekeza ndi khosi lake, motero umagwedezeka kwambiri ndi chibakera chimene munthu wamkulu angachipirire. Akuluakulu adati liŵiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Mipikisano yovomerezeka imagaŵa opikisana potsata zaka ndi makilogalamu, ndipo mphunzitsi aonjezerepo chinthu chachitatu, ndicho luso. Mwana wa miyezi iŵiri pa maseŵera asakumane ndi wa zaka ziŵiri, ngakhale sikelo itaŵafananitsa.

3. Kuvulala kwakale kosapola. Chiŵalo chimene chidavulalapo ndicho chimavulalanso msanga. Kakolo wobinya amene sadapole bwino amabinyanso, ndipo pheŵa limene lidagulukapo, makamaka kwa wachinyamata, siligwira ngati kale. Choopsa koposa ndi ubongo umene wagwedezeka kachiŵiri usanachire. Kwa ana ndi achinyamata kugunda kwachiŵiriko, ngakhale kutakhala kochepa, nthaŵi zina kumatupitsa ubongo mofulumira mpaka imfa. Pa chifukwa chimenechi malamulo a nkhonya zosalipidwa amaletsa wogwetsedwa ndi chibakera cha m'mutu kumenyanso kwa masiku osachepera 30, ndipo ngati adakomoka masikuwo amachuluka. Vuto nlakuti mwana amabisa. Amaopa kusekedwa, amaopa kuchotsedwa m'timu, ndipo kwawo adamuphunzitsa kuti mwamuna salira. Mphunzitsi asadikire kuuzidwa. Afunse mwana aliyense payekha, m'chilankhulo chimene mwanayo amamasuka nacho, chimene kwa ana ambiri a kuno ndi Chitonga.

4. Matenda a m'dera lathu. Mabuku ambiri a maseŵera adalembedwa kumaiko kumene kulibe malungo, motero satchula mfundo iyi. M'mbali mwa nyanja malungo amavuta chaka chonse, ndipo likodzo nalo nlofala. Matenda aŵiriŵa amachepetsa magazi, kotero mwana amatopa msanga ndi kuchita chizungulire. Malungo obwerezabwereza amatupitsanso kapamba, kachiŵalo kodzaza magazi kamene kali kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti. Kapamba wotupa amatsika kupitirira nthiti zimene zimamutchinjiriza, ndipo theche kapena bondo la pamimba lingamuphulitse, mwana nataya magazi mkati popanda chilonda chooneka. Mwana amene wangochira malungo, wotumbuluka m'maso ndi m'manja, kapena wotupa mimba, asaloŵe m'bwalo achipatala asanamuone. Chimodzimodzi wa khunyu, wa mphumu, ndi wa diso limodzi. Tisaiŵalenso zipere ndi zilonda za pakhungu, zimene zimafala msanga pakati pa olimbana.

5. Kutopa. Munthu akatopa manja amatsika, miyendo imalemera, maso amachedwa kuona chibakera, ndipo khosi silimanganso. Mu Novembala 1982 ku Las Vegas, Duk Koo Kim wa ku South Korea adagwa mu raundi ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini, namwalira patapita masiku ochepa. Imfa imeneyi itachitika, bungwe la WBC lidachepetsa maraundi a mipikisano ya malamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo mabungwe ena adatsatira m'zaka zotsatirazo. Kutopa kwa ana athu kumayambira kunyumba. Wina wachezera ku nyanja kuthandiza asodzi a usipa, wina wakwera ndi kutsika zitunda kuchokera kutali, wina wafika ku sukulu osalaŵa kanthu. Kutopa kumadzanso ndi kugwiritsa ntchito mopitirira mwana waluso, amene timafuna kuti aseŵere pa chionetsero chilichonse. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

6. Kudziumitsa pofuna kutsitsa sikelo. Popeza opikisana amagaŵidwa potsata kulemera, ambiri amayesa kuloŵa m'gulu la opepuka kuti akakumane ndi aang'ono matupi. Amadzimana chakudya ndi madzi, amathamanga padzuŵa atavala majuzi kapena mapulasitiki, ena amamwa mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chimachoka m'masiku aŵiri kapena atatu si mafuta ayi, koma madzi a m'thupi. Magazi amachepa, mtima umagwira ntchito movutikira, impso zimapanikizika, ndipo thupi limalephera kudziziziritsa. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala 1997, ophunzira atatu a m'makoleji a ku America, onse ochita maseŵera olimbana, adamwalira akudziumitsa motere, ndipo malamulo a kayezedwe adasinthidwa pambuyo pake. Mu Disembala 2015 Yang Jian Bing wa ku China, wa zaka 21, adamwalira ku Manila pokonzekera kukwera sikelo. Tsono taganizirani kutentha kwa ku Nkhata Bay mu Okutobala ndi Novembala, pamene thukuta limatuluka munthu atangokhala pamthunzi. Mwana amene akukula sayenera kutsitsa sikelo mpang'ono pomwe. Apikisane pa kulemera kumene ali nako.

ZIFUKWA ZOCHOKERA KUNJA

1. Malo oseŵerera. Kaŵirikaŵiri chimene chimavulaza si chibakera koma pogwera. Simenti ya m'kalasi, nthaka youma ya m'chilimwe, miyala, zitsa ndi ngodya za madesiki zimasandutsa kugwa wamba kukhala ngozi. Tauni ya Nkhata Bay ili pa zitunda ndi miyala, ndipo malo athyathyathya ngosoŵa. Mchenga wouma ndi wokuya wa m'mbali mwa nyanja umalandira bwino wogwa, koma uyenera kusesedwa kuti muchoke magalasi, mbedza ndi minga ya nsomba. Umagwiranso phazi pamene thupi likutembenuka, bondo nkupotoka, motero suyenera mateche ozungulira. Mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi ngwolimba kuposa momwe umaonekera. Mphasa yoyalidwa pa simenti imateteza khungu lokha, osati mutu.

2. Zida. Magolovesi amateteza dzanja la womenya ndi khungu la womenyedwa, koma saletsa ubongo kugwedezeka. Chimodzimodzi chisoti. Mu 2013 bungwe loyendetsa nkhonya zosalipidwa pa dziko lonse lidachotsa zisoti pa mipikisano ya amuna akuluakulu, ndipo pa maseŵera a Olympic a ku Rio de Janeiro mu 2016 amuna adamenyana opanda zisoti, ngakhale akazi adapitiriza kuvala. Bungwelo lidati chisoti chimachepetsa kuchekeka kwa nkhope koma sichichepetsa kugwedezeka kwa ubongo. Phunziro kwa ife nlakuti zida nzofunika, makamaka kachida kotchinjiriza mano ndi koteteza kumaliseche, koma zisatinamize kuti mwana wovala zida watetezeka ku zonse. Magolovesi akaunjika amene thonje lake lidaphwa ngoopsa, ndipo kukulunga nsanza m'manja si magolovesi. Kachida ka mano asabwerekane, ndipo magazi akatuluka maseŵera aime, pakuti kachilombo ka HIV ndi matenda ena a chiŵindi amayenda m'magazi.

3. Malamulo ndi woimbira. Malamulo a nkhonya otchedwa a Queensberry, amene adasindikizidwa mu 1867, ndiwo adakhazikitsa magolovesi, maraundi a mphindi zitatu, kupuma kwa mphindi imodzi, ndi kuŵerenga mpaka khumi munthu akagwa. Lamulo lililonse la mtundu umenewu lidadza anthu atavulala. Kumenya pankhongo, pamsana, kumunsi kwa lamba, ndi kumenya wogwa nkoletsedwa. Pa mipikisano ya judo ya ana aang'ono kukanyanga pakhosi ndi kupotoza mfundo za mkono nakonso nkoletsedwa. Koma lamulo liri ndi mphamvu pokhapokha pali woimbira wolidziŵa ndi wolimba mtima, amene angaimitse mpikisano khamu likufuula kuti upitirire. Ndeu ya kuseri kwa kalasi ilibe woimbira, ilibe nthaŵi, ilibe sikelo. Imeneyo si maseŵera, ndipo mphunzitsi ailetse.

4. Mtima wa wophunzitsa. Pa zifukwa zonse ichi ndicho chachikulu, chifukwa ndicho chimalola kapena kutsekereza zinazo. Mu Epulo 2021 mumzinda wa Taichung ku Taiwan, mwana wa zaka 7 adagwetsedwa maulendo 27 pa phunziro limodzi la judo, ngakhale adali kulira kuti mutu ukumupweteka ndipo adasanza. Womuphunzitsayo, amene adalibe chiphaso, adati mwanayo akunamizira. Mwanayo adamwalira mu Juni chaka chomwecho osatsitsimuka. Ku France, kumene ochita judo ngochuluka kuposa ku Japan, lamulo la mu 1955 lidalamula kuti wophunzitsa judo monga ntchito akhale ndi chiphaso cha boma, ndipo imfa za ana pa judo sizimveka kaŵirikaŵiri kumeneko. Luso logwetsa anthu si luso lophunzitsa ana. Wophunzitsa amene amalanga ndi maseŵera, amene amanyoza wodandaula, kapena amene amafuna chikho kuposa mwana, ngoopsa kuposa simenti.

Ana athu ayenera kumva kuti kuleka si mantha. Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre, adatha maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu Julayi 2016. Mu Novembala chaka chomwecho, pomenyana ndi Oleksandr Gvozdyk, adavulala mkono ndipo mpikisano udaimitsidwa raundi ya 8 itatha. Adapita kukachira, ndipo mu 2018 adalimbiranso lamba wa dziko lonse ndi Dmitry Bivol. Ngati katswiri wotere adaleka kuti adzamenyenso tsiku lina, mwana wa Sitandade 7 alibe chochitira manyazi.

5. Mtunda wa ku chipatala. Kumene kumachitikira mipikisano ikuluikulu dokotala amakhala pambali pa bwalo ndipo ambulansi imadikira panja. Ife tiŵerengere mtunda. Chipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay chili ku Mkondezi, kunja kwa tauni. Chipatala Chachikulu cha Mzuzu chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, mseu wake wokwera ndi wokhotakhota. Ndipo madokotala ochita opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ngoŵerengeka. Amene mudzatumizidwe ku sukulu za kumpoto kwa boma lino, monga za ku Usisya ndi Ruarwe, mudzapeza kuti ulendo wodalirika ndi wa pa boti kapena sitima ya Ilala. Magazi akamaunjikana m'mutu, ola lililonse limaŵerengedwa. Motero kugunda kumene kwina kungathe ndi opaleshoni, kwa ife kungathe ndi maliro, ndipo kusamala kwathu kuyenera kuposa kwa anzathu a m'mizinda ikuluikulu.

ZOYENERA KUCHITA MPHUNZITSI

Mu 2011 mabungwe a madokotala a ana a ku America ndi ku Canada adalangiza kuti ana ndi achinyamata asamachite nkhonya, chifukwa cholinga chake nkumenya mutu. Nafenso tikulangiza kuti pa sukulu ya pulayimale pasakhale kumenyana m'mutu kwa mtundu uliwonse. Zotsala zophunzitsa nzambiri: kaimidwe, kayendedwe ka mapazi, kulumpha chingwe, kugwa bwino, kumenya thumba lopachika, mayendedwe a karate ochita munthu payekha, kukankhana ndi kukokana pa malo ofeŵa, ndiponso ulemu wa kuŵeramirana poyamba ndi pomaliza. Mwana amene waonetsa luso ndi chidwi atumizidwe, makolo atavomera, kwa wophunzitsa wodziŵika ndi bungwe loyendetsa maseŵerawo, monga la Malawi Boxing Association pa nkhonya. Mphunzitsi amene sadaphunzire yekha kugwetsa asaphunzitse kugwetsa.

Maseŵera asanayambe:

(a) Dziŵitsani mphunzitsi wamkulu, ndipo pezani chilolezo cha makolo.
(b) Sungani kabuku kolembamo dzina la mwana, zaka, kulemera kwake, matenda ndi kuvulala kulikonse pamodzi ndi tsiku lake. Sikelo ya ku chipatala chaching'ono ingathandize.
(c) Funsani amene wadwala sabata imeneyo, amene sadagone, ndi amene sadadye.
(d) Yenderani bwalo ndi mapazi anu, ndipo chotsani mphete, ndolo, mikanda ndi malamba a zitsulo. Zikhadabo ziŵengedwe.
(e) Sankhani nthaŵi ya m'maŵa kapena madzulo, konzani madzi akumwa aukhondo, ndipo tenthetsani matupi kwa mphindi 10 kapena 15.
(f) Dziŵiranitu galimoto, njinga yamoto kapena boti limene mungaitane, ndi nambala ya foni ya mwini wake.

Maseŵera ali mkati, magulu aŵiriaŵiri akhale ochepa kuti maso anu aŵakwanire. Phunzitsani zinthu zatsopano kumayambiriro, ana asanatope. Liu lakuti "Imani!" limveke kamodzi, ndipo mwana aliyense akhale ndi ufulu wolinena.

Mwana akagundidwa m'mutu, mutulutseni pomwepo, ndipo asabwererenso tsiku limenelo ngakhale atachonderera. Mufunseni kumene ali, tsiku la sabata, ndi amene amaseŵera naye. Musamusiye yekha, musamutume kupita kwawo yekha, ndipo asaloŵe m'nyanja kukasamba. Kafotokozereni makolo nokha kuti amuyang'anire usiku umenewo ndi tsiku lotsatira. Musamupatse asipirini, pakuti amachedwetsa kuundana kwa magazi. Thamangirani naye ku chipatala ngati adakomoka ngakhale pang'ono, ngati mutu ukunka nupweteka, akusanza mobwereza, akusinza mosadzutsika, akugwa ngati wakhunyu, akulankhula zosamveka, mkono kapena mwendo wafooka, kamwana ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi. Wodandaula khosi, kapena amene sakumva miyendo yake, musamudzutse kapena kumunyamula m'manja. Gwirani mutu kuti usagwedezeke ndipo mumugoneke pa thabwa kapena chitseko. Wokomoka musamumwetse madzi. Wogundidwa pamimba amene akutumbuluka, kuzizira thukuta ndi kumva kupweteka kumanzere kapena pa pheŵa lamanzere, mumuganizire za kapamba ndipo musachedwe naye.

Wogwedezeka ubongo apume tsiku limodzi kapena aŵiri, kenaka abwerere pang'onopang'ono: kuyenda, maphunziro a m'kalasi, kuthamanga, maseŵera osagundana, ndipo kugundana kukhale komalizira, zizindikiro zonse zitatha ndiponso achipatala atavomera. Kwa ana kuchira kungatenge mpaka masabata anayi. Mphunzitsi wa m'kalasi ndiye amaona msanga ngati mwanayo akuiŵalaiŵala, akulephera kuyang'ana pa bolodi, kapena wasintha khalidwe.

MAU OTSIRIZA

Tikaŵerenganso zifukwa khumi ndi chimodzi zimene tafotokozazi, tiona kuti palibe ngakhale chimodzi chimene chimafuna makina kuti chidziŵike. Kufunika sikelo, kabuku, maso, ndi kulimba mtima konena kuti lero mwana uyu saseŵera. Ngozi zina zidzachitikabe ngakhale titasamala motani, pakuti maseŵera ameneŵa ngomenyana. Koma mwana wongoyamba kumene, wotopa, wodwala, wouma ndi ludzu, kapena wovulala kale, akaloŵa m'bwalo, amakhala ataloledwa ndi munthu wamkulu. Inu aphunzitsi a maŵa, makolo akamakupatsani ana awo m'maŵa amayembekeza kuŵalandira amphumphu madzulo. Chikho chimene sukulu yaphonya chaka chino ingadzachipeze chaka chamaŵa, koma ubongo wa mwana ndi umodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Yenderani bwalo la sukulu imene mukuchitirako maphunziro oyeserera. Lembani zinthu zisanu zimene zingavulaze mwana wogwa, ndi momwe mungazichotsere popanda ndalama.
2. Kholo lafika kudzadandaula kuti mwachotsa mwana wake pa mpikisano chifukwa cha mutu "wamba". Mungalifotokozere bwanji za ubongo m'mau osavuta?
3. Konzani phunziro la mphindi 35 la Sitandade 5 lophunzitsa kugwa bwino, lopanda kugwetsana.
4. Kuchokera pa sukulu yanu, zingatenge nthaŵi yaitali bwanji kufika ku chipatala cha boma masana, usiku, ndi m'nyengo ya mvula? Yankho lanu lisinthe chiyani pa maseŵera amene mungalole?